Maso Oloweza Pamtima

1. Kalata ya pa khoma

Njanji itafika ku Entre Lagos, amuna ambiri a ku nyanja ya Chiuta anataya nzeru. Anasiya mabwato akung'ambika ndi dzuwa, maukonde akuwolera pa gombe, n'kuthamangira kabudula wa kaki wa kampani ya njanji. Ankayenda monyada ngati kuti kabudulayo wawasandutsa Apwitikizi. Mmodzi wa iwo anali Che Nasoro, bambo ake a Subira.

Ntchito ya Che Nasoro inali yoima pamene msewu umadutsa njanji. Ankagwira mbendera ziwiri, yofiira ndi yobiriwira. Sitima, imene kumeneko amati komboyo, ikamabwera, iwo ankaimitsa anthu ndi ng'ombe. Njira ikayera ankakweza mbendera yobiriwira kuti woyendetsa adutse. Kampani inawapatsa nyumba ya malata pafupi ndi siteshoni, ndipo mkazi wawo Mastura ankasesa pabwalo katatu pa tsiku kuti anansi aziona.

Subira anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo ankaphunzira pa shikola, sukulu ya pomwepo. Anali ataona kale zimene akuluakulu m'nyumbamo ankakana kuona. Bambo ake ankathira tiyi pambali pa kapu. Ankapereka salamu kwa chitsa.

Tsiku lina mayi wosenza dengu la nsomba zouma anaima pakati pa njanji kuti amange bwino mwana kumsana. Komboyo inali ikutulukira pa mitengo. Che Nasoro anakweza mbendera yobiriwira. Subira, amene anawabweretsera chakudya, ndiye anakuwa. Mayiyo analumpha, nsomba zinamwazika, ndipo nkhaniyo sinatchulidwe m'nyumba ngakhale kamodzi.

Lachitatu lina m'chaka cha 1971 anamata kalata pa khoma la siteshoni. Amuna anaunjikana pamenepo n'kumaiyang'ana mwaulemu, ngakhale panalibe wodziwa kuwerenga Chipwitikizi. Anaitana Subira.

"Akuti Loweruka kubwera woyeza maso wochokera ku Nampula," anatero Subira. "Aliyense wa pa njanji ayezedwa. Wolephera atula ntchito."

"Wawerenga bwino, mwana iwe?" anafunsa Che Tabu, wosintha njanji, amene diso lawo lamanzere linafa kalekale ndi mbedza.

"Ndawerenga kawiri."

Amunawo anabalalika. Che Nasoro anayenda kutsogolo, mutu uli m'mwamba, ndipo anapunthwa pa mwala umene unalipo kuyambira tsiku limene siteshoni inamangidwa.

2. Zipeso pa khoma la kalasi

Lachinayi komboyo inatsitsa nkhalamba yowonda yovala jekete loyera lothetheka m'zigongono. Inanyamula bokosi lamatabwa ndi chipepala chokulunga. Dzina lake linali Che Bwanausi. Anali wobadwira ku gombe komweko, koma anakhala zaka zambiri ku Nampula akugwira ntchito kwa woyeza maso. Anatumidwa kudzakonzeratu malo.

Chipinda chachitali pa Entre Lagos ponse chinali kalasi ya Subira. Che Bwanausi anatulutsa chingwe cha mfundo, nayeza kuchokera pa khoma mpaka pamene munthu adzaime, najambula mzere pansi ndi choko. Anayang'ana kumene kuwala kumalowera, nasuntha mzerewo pang'ono. Kenako anapachika chipepala chija.

Panalibe mawu pa chipepalacho. Panali chizindikiro chimodzi chokha chobwerezabwereza, chonga chipeso cha mano atatu. Pamwamba chinali chachikulu ngati chikhatho, ndipo chinkachepa mzere ndi mzere mpaka pansi chinali ngati nyerere. Mano a chipeso china analoza kumwamba, china pansi, china uku, china uko. Chinapangidwira anthu osadziwa kuwerenga. Woyezedwa ankangoloza ndi zala zitatu kumene manowo aloza.

Subira anafotokoza zimenezi kunyumba. Mastura anasiya mpeni ndi nsomba imene ankapala.

"Chipepalacho chikhala pa khomapo mpaka Loweruka?"

"Inde, amayi."

"Ndipo mawa m'mawa ukalowa m'kalasimo?"

"Ndikalowa. Ndi tsiku langa losesa."

"Tinakupititsa ku shikola ya Akhristu anthu akutinena kumbali," anatero Mastura. "Azakhali ako anati tikukuwononga. Ndinawayankha kuti mwana wodziwa kulemba adzatithandiza tsiku lina. Tsikulo ndi limeneli. Ukalembe zipeso zonsezo mmene zilili, usasiye ngakhale chimodzi. Bambo ako alibe vuto la mutu. Ndi kachifunga chabe m'maso."

Che Nasoro anali pa mphasa pomwepo. Sanavomere, sanakane. Anangotembenukira kukhoma, monga amachitira amuna ambiri akafuna kuti choipa chichitidwe ndi manja a wina.

M'mawa mwake Subira anagoneka tsache pansi, natsegula kadeno yake, buku lolembamo za kushikola. Analemba zipeso zonse, mizere isanu ndi inayi. Dzanja lake linali labwino, aphunzitsi ankalitama. Panja, pansi pa mtengo wa mango, Che Bwanausi ankapukuta magalasi a m'bokosi lawo, limodzi limodzi.

3. Phunziro la kuseri kwa mzikiti

Che Nasoro sankadziwa chilembo chilichonse cha Chipwitikizi, koma anakulira ku madrasa, sukulu ya ku mzikiti. Ali mwana analoweza masura aatali a m'buku loyera pongomva mwalimu akuwerenga. Kwa munthu wotere zipeso zinali masewera.

Anapatsa mbali iliyonse dzina. Kumwamba anati thambo, pansi anati dothi, dzanja lamanja nyanja, lamanzere phiri. Subira ankawerenga mzere, iwo n'kubwereza akugwedezeka pang'onopang'ono ngati mwana woloweza pa ubao, thabwa la ku madrasa.

"Thambo. Nyanja, dothi. Phiri, thambo, nyanja."

Pofika nthawi ya mapemphero a Lachisanu anali atatha mizere yonse. Ankatha kuyambira pakati, ankatha kubwerera chammbuyo.

Zikanathera pomwepo bwenzi nkhani ili yaing'ono. Koma Che Nasoro anali munthu wokonda kutamidwa. Atatuluka mu mzikiti anakokera anzake a pa njanji kuseri, natenga kadeno ya mwana wawo, naipereka kwa mnzawo wa maso abwino kuti aziloza. Amuna khumi ndi anayi a ndevu zawo anakhala pa mchenga n'kumaimba nyimbo ya zipeso. Ena mwa iwo ankatha kuona mbalame ili tsidya la dambo. Sanadzifunse n'komwe ngati akufunika kubera. Anaona anzawo akuloweza, nawonso analoweza.

Subira atamva anati, "Ababa, amayi anati ndi za inu nokha."

"Munthu sabisira abale ake a mu mzikiti," anayankha Che Nasoro. Ananena mawuwo ndi nkhope ya munthu wopereka sadaka kwa osauka.

4. Sinyoro Meireles ayeza maso

Woyeza maso anafika Loweruka m'mawa. Anali Mpwitikizi wachinyamata wonenepa, dzina lake Sinyoro Meireles. Anali ndi sitolo ya mandala ku Nampula imene anaisiyiridwa ndi bambo ake, ndipo kampani inamulemba kuti aziyeza anthu ake. Atangotsika anafunsa nthawi ya komboyo yobwerera. Anamuuza kuti ndi masana. Anati ntchito ikhala itatha kale.

Subira anaima pa zenera ndi ana ena.

Che Bwanausi anaika beseni la madzi ndi sopo pa benchi. Sinyoro Meireles sanaliyang'ane. Che Bwanausi anatsegula bokosi la magalasi naika pambali pake kanyali koyang'anira m'kati mwa diso. Sinyoro Meireles anatseka bokosilo kuti aikepo kapu yake ya khofi. Anatulutsa mulu wa mapepala. Onse anali atasainidwa kale. Panangotsala kulemba dzina.

Kenako anayamba. Munthu ankaima pa mzere wa choko, n'kutseka diso limodzi ndi chikhatho. Che Bwanausi ankaloza ndi ndodo kuyambira pamwamba kutsika, monga anawalamulira, ndipo mzunguyo ankangosuzumira zala za munthuyo n'kubwerera pa pepala. Sanafunse aliyense ngati diso limamupweteka. Sanayang'ane nkhope ya aliyense.

Che Nasoro analowa atagwira mphuthu ya chitseko. Anaima pa mzere chifukwa mnzawo anawakoka malaya. Ndodo ikagunda khoma, zala zawo zinkalumpha: thambo, nyanja, dothi. Anatsika mpaka mzere wa nyerere osalakwa. Pa diso lachiwiri anathamanga kwambiri, nayankha ndodo isanafike. Sinyoro Meireles anali akuyatsa fodya.

Che Tabu ndiye anachititsa manyazi. Anatseka diso lawo lamoyo, natsala ndi lakufa lija, lophwa ngati nthanga youma, ndipo ndi diso limenelo anawerenga mizere isanu ndi inayi. Ana pa zenera anayamba kuseka. Mzunguyo anawakalipira kuti achoke, nalemba kuti Tabu amaona bwino maso onse awiri.

Atamaliza anatambasula manja, nanena mawu kwa Che Bwanausi kuti amasulire.

"Akuti anthu a kuno muli ndi maso ngati nkhwazi," anatero Che Bwanausi, mawu ali ouma. "Akuti n'chifukwa cha nsomba. Akuti akalemba zimenezi kwa akuluakulu."

Amunawo anawomba m'manja, nawerama, nathokoza. Shefe, mkulu wa siteshoni, anaitana mlendoyo ku chakudya chamasana, ndipo anawayalira tebulo m'kalasi momwemo chifukwa munali mozizira.

5. Mawu a Che Bwanausi

Subira akuchoka anamva dzina lake. Che Bwanausi anali pansi pa mango paja, bokosi lili pa mawondo.

"Khala pansi, mwana wa Che Nasoro. Ndinakuona dzulo. Tsache linali pansi, iwe uli ndi cholembera. Ndinakhala chete chifukwa ndinkafuna kuona ngati bwana wanga angagwire wonama mmodzi pa moyo wake wonse. Sanagwire."

Subira anayang'ana pansi.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndanyamula bokosi ili. Ndinaphunzira kwa bambo ake a mnyamata uja, ndipo iwo ntchito ankaidziwa, ngakhale anali ndi pakamwa poipa. Kuyeza maso si kugunda khoma ndi ndodo. Umayamba wasamba m'manja, chifukwa matenda a diso la uyu amasamukira kwa uyo kudzera m'zala zako. Umamuyang'ana munthu mmene walowera pakhomo, ngati wapapasa, ngati wapendeketsa mutu. Umamufunsa chimene diso likumuchita, n'kudikira ayankhe. Pa chipepala sutsata mzere. Umalumpha apa ndi apo, kuti woloweza agwe. Kenako umayatsa kanyali aka n'kusuzumira m'kati. Ukatero umamuyesa magalasi, ili ndi ili, mpaka anene yekha kuti apa ndiye pawala. Zonse umalemba pa pepala la munthuyo, ndipo umasaina pomaliza, osati poyamba. Munthu mmodzi amadya theka la ola. Uja wayeza anthu makumi atatu khofi wake asanazizire."

Anatseka bokosi.

"Tsopano mvera za bambo ako. Sindinafunike nyali kuti ndione. Ali ndi ng'ala. Ya kumanja yakhwima, yayera ngati diso la nsomba yophika. Ya kumanzere ili m'njira. Mandala pamenepa sangachite kanthu. Koma ng'ala imachotsedwa. Ku chipatala chachikulu ku Nampula amaichotsa, n'kumupatsa munthu mandala ochindikala, ndipo ndaona nkhalamba zikubwerako zikutunga singano zokha. Ikakhalitsa m'diso, nthawi zina diso limatupa, limapweteka usana ndi usiku, kenako limafa. Lakufa palibe dokotala amene amalidzutsa."

"Ndiye apite ku Nampula," anatero Subira.

"Apite bwanji? Munthu wakuda sakwera komboyo kupita ku Nampula popanda giya, chikalata cha ulendo. Giya ya chipatala amapatsa amene walephera. Bambo ako apambana. Pepala lawo likuti amaona kuposa ine ndi iwe. Akapita nalo kwa shefe kukadandaula za maso, adzawauza kuti ndi ulesi. Kuyeza kwina ndi pakatha zaka zitatu. Diso lakumanja silidikira zaka zitatu. Wawatsekera chitseko ndi dzanja lako lolemba bwinolo."

Subira anadzutsa mutu.

"Nanga inu, Che Bwanausi, bwanji simunamuuze mzunguyo? Munali pomwepo ndi ndodo."

Nkhalambayo inaseka pang'ono, kuseka kopanda chisangalalo.

"Ndinamuuzapo kamodzi ku Nova Freixo kuti walakwitsa, anthu akumva. Ndinasesa sitolo chaka chathunthu, bokosi akunyamula wina wosadziwa kutsogolo kwa galasi. Ndine wamantha, mwanangu, ndipo manthawo ndakalamba nawo. Usandiyang'ane choncho. Ine masana ano ndikwera komboyo. Iwe ndiwe utsala ndi munthu wosaona wagwira mbendera. Tsiku limene adzakweze yobiriwira pali mwana pa njanji, mzungu adzatulutsa pepala n'kunena kuti maso anali abwino, ndiye kuti anachita dala. Adzawatengera ku boma ku Insaca atawamanga. Amayi ako sadzakumbuka kuti ndi iwo anakutuma. Adzakumbuka kuti kadeno inali yako."

6. Zala zitatu

Kunyumba Mastura anali atapha nkhuku. Che Nasoro anakhala pa khonde atagwira pepala lawo lopambana, ataligwira chozondoka.

Subira anafotokoza zonse, osawonjezera. Mastura anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anapukuta manja pa nsalu.

"Nkhalamba yonyamula bokosi la mzungu yakudzaza mutu," anatero. "Iyo ili ndi pogona ku Nampula. Ife tikatuluka muno tipita kuti? Bwato linang'ambika. Ukonde abale a bambo ako anagawana. Ukufuna ndibwerere ku Chiuta ndizikapala nsomba za akazi amene ndinawatsanzika nditavala nsalu yatsopano? Ukufuna azikandifunsa kuti malata aja ali kuti? Ndipo unamuona ndani amene anapita kukang'ambidwa diso ndi azungu n'kubwera akuona? Iwe wangomva. Bambo ako komboyo amaimva ndi mapazi isanaonekere. Agwira ntchito chaka chathunthu. Wafa ndani?"

"Mayi wa nsomba uja anatsala pang'ono."

"Anatsala pang'ono ndiye kuti ali moyo. Tenga mbale."

Subira sanatenge mbale. Anayenda mpaka pa mpapaya wa pakati pa bwalo, mapazi khumi kuchokera pa khonde.

"Ababa, ndaima pa mpapaya. Tiyeni tibwereze. Zala zanga zitatu zaloza kuti?"

Che Nasoro anamwetulira, nakhala tsonga.

"Thambo."

"Tsopano?"

"Nyanja."

"Tsopano?"

"Dothi. Ukufuna ndipambane kawiri tsiku limodzi, amayi?" Ankamutchula choncho akasangalala, chifukwa Subira anatenga dzina la mayi awo.

"Manja anga ali kumbuyo, ababa. Sindinawakweze."

Mastura anaona zonse, ndipo anawerama n'kuyamba kusonkha moto umene unali kuyaka kale. Che Nasoro anapinda pepala lawo pang'onopang'ono.

"Pita ukatunge madzi," anatero.

Subira analowa m'nyumba. Ndowa anaisiya pamene inali. Anatenga kadeno pansi pa mphasa, natulukira kuseri.

7. Chipepala chozondoka

M'kalasi muja Sinyoro Meireles ndi shefe wa siteshoni anali pakati pa chakudya. Pakhomo panaima sipayi, msilikali wa boma, dzina lake Waziri. Subira anamudutsa asanatambasule dzanja. Anaika kadeno pa tebulo pakati pa mbale, naitsegula.

Analankhula Chipwitikizi cha kushikola, chosweka koma chomveka. Anati iye ndiye analemba zipesozo. Anati bambo ake saona, analoweza. Anati akupempha kuti ayezedwenso.

Sinyoro Meireles anaseka, nakankha kadenoyo ndi foloko. Koma shefe sanaseke. Makomboyo onse a pamenepo anali pa mutu wake. Anayang'ana m'kadeno, nayang'ana pa khoma, nayang'ananso m'kadeno. Kenako anafunsa mlendo wake funso limodzi, motsitsa mawu: kodi Tabu, amene dziko lonse limadziwa kuti ali ndi diso limodzi, wamulembera chiyani?

Nkhope ya Sinyoro Meireles inafiira mpaka m'khosi. Anatembenukira kwa Che Bwanausi n'kuyamba kuwatukwana kuti ndi iwo anapachika chipepala msanga. Ponena izi anaiwala kuti anawatuma ndi iye mwini, kuti asadzataye nthawi.

"Ndani enanso analoweza?" anafunsa shefe.

Subira sanayankhe. Koma sipayi Waziri ankapemphera mu mzikiti womwewo, ndipo mayina khumi ndi anayi anawatchula mosavuta, ngati munthu amene anali kudikira kufunsidwa.

Anawaitana onse. Shefe analamula kuti nkhalamba ija ndiyo iyeze amunawo, mzungu azingoyang'ana. Che Bwanausi anapachika chipepala chozondoka. Anasamba m'manja. Anachotsa kapu ya khofi pa bokosi, nalitsegula. Komboyo ya masana inalira, inanyamuka, ndipo Sinyoro Meireles anaimva ikupita ali pa benchi ya ana.

Mwa amuna khumi ndi anayi aja, asanu ndi anayi anapezeka ndi maso abwinobwino. Anaimba pa mchenga pachabe. Atatu anangofunika mandala, ndipo mmodzi wa iwo atamuika galasi loyenera anayang'ana chikhatho chake nthawi yaitali ngati cha mlendo. Che Tabu analephera asanayambe.

Che Nasoro analowa pomaliza. Ndodo inagunda chipeso chachikulu cha pamwamba, chija chonga chikhatho.

"Thambo," anatero, zala zili m'mwamba.

"Che Nasoro," anatero Che Bwanausi, "siyani nyimbo. Mukuona chiyani?"

Zala zinatsika.

"Ndikuona khoma."

Che Bwanausi anayatsa kanyali, nasuzumira diso ili ndi ilo. Analemba pepala latsopano modekha, nalipereka kwa shefe, ndipo shefe analemba giya ya ku Nampula ya anthu awiri, wodwala ndi womutsogolera. Anatenganso mbendera ziwiri zija. Za nyumba anati ikufunika pakutha pa mwezi.

Dzuwa linali pafupi kulowa pamene anatuluka. Amuna anaima panja m'magulu. Palibe anayang'ana Subira kumaso. Che Tabu analavula pansi pamene mtsikanayo ankadutsa. Amene anangopeza kumene mandala aja, amene akanayenera kuthokoza, anali otanganidwa ndi kuyang'ana mapazi awo.

Che Nasoro anaima pa sitepe, osadziwa pamene ikuthera. Subira anawayandikira.

"Ababa, ndili pano."

"Ndikudziwa pamene uli." Sanatambasule dzanja msanga. "Wandivula pamaso pa amuna anzanga. Wachotsa amayi ako m'nyumba ya malata. Shikola uiiwale. Giya iyi ikuti anthu awiri, ndipo amayi ako sakwera komboyo. Wandichotsa pa njanji ndiwe, ndiye undigwira dzanja ndiwe mpaka ku Nampula. Akakandiboola diso pachabe, udzandigwira mpaka ndidzafe."

"Ndamva, ababa."

Anapereka dzanja. Linali lolemera, ndipo linamugwira mwamphamvu kuposa mmene mawu aja ananenera. Anatsika sitepe limodzi.

Atafika pa mango, Subira anakumbuka kadeno yake. Anacheuka. Shefe anali pakhomo la kalasi akuitsegula tsamba ndi tsamba. Masiku amenewo nkhondo inali m'mapiri a kumpoto, ndipo boma linkaopa pepala lililonse loyenda m'manja mwa anthu akuda. Kwa shefe, zizindikiro zolowezedwa mobisa zinkatha kukhala uthenga wachinsinsi wa ankhondo. Shefe anafunsa sipayi kuti amunawo anakumana kuti pophunzira zizindikirozi.

"Kuseri kwa mzikiti, shefe. Lachisanu."

Shefe anayang'ana pachikuto, pamene dzina la Subira Nasoro linalembedwa ndi dzanja labwino lija. Anatseka kadenoyo naipereka kwa Waziri. Sipayiyo anaiika m'chikwama chake chachikopa, nakwera njinga, nalunjika msewu wa ku Insaca.

"Waima chifukwa chiyani?" anafunsa Che Nasoro. "Ukuona chiyani?"

Subira anayang'ana njingayo mpaka inazimiririka m'fumbi.

"Tiyeni, ababa," anatero. "Apa pali mwala."